Mzere Wakutsogolo

Mzime anamuimika pa kamtanda kolemba ndi choko, n'kumuuza kuti phazi lisachoke pamenepo ngakhale njuchi imulume. Kumanja kwake anaika bambo wa pa njinga ya olumala, kumanzere mayi wachialubino, kumbuyo nkhalamba ya ndevu zoyera. Mkulu wa filimu imene ankajambula pamalopo, amene onse ankamutcha Kachipewa, anawayang'ana ngati tomato woyalidwa bwino pamsika.

"Eya! Aliyense adzadziona mufilimu imeneyi. Palibe wosiyidwa."

Filimuyo inali ya sitalaka ya pafakitale ya nsalu, ija inagwetsa nduna zaka makumi atatu zapitazo. Tsikuli ankajambula pamene kalata ya ogwira ntchito inawerengedwa pamaso pa ndunayo. Mzime ankaidziwa kalatayo pamtima, chifukwa amene anaiwerenga nthawi imeneyo anali amayi ake, ataima pa mgolo, iye ali m'mimba. Koma mufilimu woiwerenga anali loya wa suti, wa manja osalala osagwirapo ulusi.

Dzulo lake Mzime anali atalimba mtima n'kumufikira Kachipewa, kukamuuza kuti anawerenga kalatayo ndi amayi ake.

"Achemwali, nkhani ya amayi anu ndi yokoma," anatero iye akuyang'ana foni, "koma anthu amafuna nkhope yoidziwa. Inu takuikani kutsogolo penipeni, mukufunanso chiyani? Ngati zakuvutani, ofuna malowo ali mbwee pageti."

Lamulo la pamalopo linali lakuti khamu lizingoyendetsa milomo osatulutsa mawu, kuti makina atole mawu a loya yekha. Phokoso la khamu adzaliikamo pambuyo pake.

Ndiye lero amayi ake anangotulukira, atavala diresi lawo la paukwati. Wina anawapatsa mpando wapulasitiki pafupi ndi mawaya. Makina a pafakitale anawagonthetsa makutu kalekale, moti nkhani amaimva poyang'ana milomo ya munthu.  Mzime atawaona anachita manyazi, poti anali asanawauze za loyayo, ndipo kothawira kunalibe.

Kujambula kutayamba, anzake ankangotafuna mphepo. Iye sanadziwe chotafuna, milomo inangopita yokha ku kalata ija: "Ife oluka nsalu, ana athu akugona osafunda. Sitinabwere kudzapempha." Anabwereza kasanu ndi kawiri, popeza loya ankangoiwala mawu. Amayi a Mzime sanamuyang'ane n'komwe loyayo. Maso awo anali pa mwana wawo.

Pa nthawi yopuma amayiwo anamugwira manja onse awiri, misozi ili m'masaya.

"Mwanangu, sunaphonye ngakhale liwu limodzi! Ine ndimaopa kuti kalata yanga aipatsa mwamuna, monga anachitira m'nyuzipepala muja." Ankayankhula mokweza, mwa anthu osamva, mpaka wonyamula kamera anatembenuka. "Ndikawauza anzanga onse otsala a pafakitale. Tidzabwera tonse kudzaonera, ngakhale oyendera ndodo."

Mzime anatsegula pakamwa kuti awauze zoona. Apa sakanatha kunong'ona kapena kuzungulira, chifukwa amayi ake anali atamuyang'anitsitsa milomo, akudikira. 

"Tibwerezenso!" anakuwa Kachipewa. "Aliyense pa choko chake!"

Amayi ake anamukonzera kolala, n'kumukankha pang'ono pamsana.

"Pita, akukudikira. Koma ukweze mawu, wamva? Akumbuyo aja nawonso amve."

Mzime anabwerera pa kamtanda kake, n'kuikapo phazi.