Gawo la Wogwira Chingwe

Madina anapeza Esitere ataima pakhomo la khitchini, maso ali pa mtolo umene unatsamira khoma. Zinali zikwanje zatsopano, zopakidwa girisi, zokulungidwa mu nsalu ya chipani.

"Zabwera ndi lole ya achipani," anatero Madina. "Akuti n'zodulira bango kudimba."

Esitere anathawa nkhondo kwawo ku Rwanda, ndipo kwa miyezi ingapo ankathandiza Madina kuyanika nsomba pafupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathirira m'nyanja. Chichewa chake chinali cholumalira, chosakaniza ndi Chiswahili, moti iye ndi Madina ankaitanana kuti dada, kutanthauza mchemwali.

"Dada, kwathu mfuti zinabwera pomaliza. Poyamba zinabwera mphatso."

"Anapereka ndani?"

"Mayiko akuluakulu. Ili linakonda awa, lina linakonda awo. Eni ake sanafe ngakhale mmodzi. Wakutali amapereka chitsulo, wapafupi amaloza khomo."

Pagombepo panali mwambo: aliyense wogwira chingwe pokoka khoka anali ndi gawo lake la ndiwo, kaya ndi mlendo, kaya ndi mdani. Koma chisankho cha matipate chitatha, bwana wina wachipani anapatsa Faruku, mwamuna wa Madina, khoka latsopano, n'kunena kuti chingwe chake azigwira achipani chawo okha. Woyamba kubwezedwa anali Sufiyani, mchimwene wake wa Madina. Posakhalitsa nayenso analandira injini ya boti kuchokera ku chipani china. Tsopano zikwanje.

Masana amenewo kunalibe mphepo. Madina anamva phokoso la chitsulo pamwala kuseri kwa nyumba: mwamuna wake ankanola. Atasiya, phokosolo silinathe. Linkachokera kutsidya kwa bango, kwa Sufiyani.

"Bambo a Tione, bango lake liti lofuna kunola chonchi?"

"Alamu anga ayamba ndi iwo. Ine ndikhale manja lende? Galu wamkota sakandira pachabe."

"Nawonso akuti mwayamba ndinu."

"Za amuna zisiye."

Esitere anamvetsera kunola kuwiri kuja. Analowa m'nyumba n'kuyamba kupinda zovala zake.

Lachisanu, amuna ali kumzikiti, Madina anasenza mtolo uja, nalowa m'bwato, napalasa mpaka pamene madzi amada. Anauponya. Unamira osatulutsa thovu.

Faruku atafunsa za mtolowo, Madina anati, "Funsani ng'ona." Faruku anamuyang'ana nthawi yaitali, nagona osadya.

M'mawa mwake khoka linakana kubwera. Anthu a Faruku anakoka mpaka mapazi kulowa mumchenga, koma linkalemera ngati lagwira mtembo. Anthu a Sufiyani anali poteropo, akusoka maukonde. Mmodzi anaimirira, kenako wina. Manja anazolowera, sanafunse chipani. Sufiyani anagwira chingwe kumbuyo kwa mlamu wake.

"Alamu, mphatso yanuyi yakukulirani," anatero.

"Kokani, musalankhule."

Khoka linafika litang'ambika. Pakati pa nsomba zophiriphitha panali nsalu ija, itamasuka, ndi zikwanje zili mbuu, zina zitabaya chambo. Nyanja inali itabweza.

Ngakhale akhwangwala amene amalimbirana matumbo a nsomba anangokhala pa thandala, chete. Amuna a mbali zonse anazungulira, aliyense akuyang'ana dzanja la mnzake.

Madina anadutsa pakati pawo, naima pa khokalo.

"Ndinataya ndine," anatero. "Koma mwambo ndi mwambo. Wagwira chingwe ali ndi gawo. Achimwene, yambani ndinu. Sankhani chakuthwa bwino, chodzandisandutsira wamasiye."

Sufiyani anayang'ana pansi.

"Kapena inu, bambo a Tione. Tengani choti mukaphere malume a ana anu. Maliro tiphikira nsomba zomwezi."

Mkulu wina anatsokomola. Sufiyani anawerama, ndipo gombe lonse linasiya kupuma. Anatola chambo chimodzi, nachigwira m'makha.

"Ndiwo zakwana," anatero, nachoka. Ena anachita chimodzimodzi, mmodzimmodzi. Faruku anakhala pansi n'kuyamba kuona pong'ambika.

Madina anasonkhanitsa zikwanje zija kuti akazitaye kutali, kumene khoka silifika. Pomanga nsalu anaona chidindo cha chikwanje pamchenga wonyowa, chooneka bwino, mpeni ndi chigwiriro chomwe. Chikwanje chake panalibe. Mapazi anali paliponse, a chipani ichi ndi icho, osasiyana.

Atakweza maso anaona Esitere pa njira yopita kumsewu wa Dwangwa, kamtolo kali pamutu.

"Dada, taona, zatha bwino," anamuitana Madina.

Esitere anayandikira, nayang'ana chidindo chija, kenako Madina.

"Usiku uzigoneka ana kumbali ya khomo lakuseri," anatero, napitiriza ulendo.