Galasi Pangolo ya Alamu

Patatha chaka mkazi wanga Lufina atamwalira, akuchikazi anandisudzula kuti ndibwerere kwathu ku Champiti. Katundu sanali wambiri: bulangete, mpando, ndi chipangizo choonera mwezi chimene ndinapanga ndi paipi yaikulu. Pansi pa paipiyo pamakhala galasi lozungulira, lokhuthala. Ndinalinola ndekha pakhonde kwa zaka, Lufina akundithirira madzi uku akudandaula za ndowa yake.

Galasilo silifuna kufinyidwa. Limakhala pathabwa la mlombwa, pamitu itatu ya mabawuti yovekedwa mphira ya chubu cha njinga. M'mbali muli timbedza tongoliletsa kugwa. Ukagwedeza, lizimveka khotcho pang'ono. Ukalimanga kwambiri limapindika, mwezi n'kumaoneka ngati mbatata ya pa Lizulu. Pabampu likhoza kusweka.

Alamu anga a Wilfred anabwera ndi ngolo m'mawa. Iwo ndi munthu wa ngolo, chogwedera chilichonse amachimanga.

"Alamu, ichi chikugwedera ngati mano a nkhalamba," anatero. "Msewu uja mwauiwala?"

"Chisiyeni."

"Mlongo wanga anakupirirani bwanji inu? Kuyankhula ngati mawu amagula!"

"Chisiyeni, alamu."

Ndinalowa m'nyumba kukatsanzikana ndi apongozi. Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Potuluka ndinapeza a Wilfred akubweza sipanala m'thumba.

"Ndakuthandizani. Chasiya phokoso."

Ng'ombe zinali zili kale pagoli, anthu ataima kuti atiperekeze. Kukangana ndi mlamu tsiku lotere, pabwalo la eni ake, sikukanatheka. Ndinakwera. Sipanala inali m'thumba mwawo ndipo sindinaipemphe. Njira yonse paipi inali chete, ndipo pabampu iliyonse ndinkaicheukira.

Titafika ndinatulutsa thabwa lija. Pansi pa kambedza kamodzi galasi linali litabenthuka kachidutswa ngati chikhadabo. Mng'alu sunapitirire.

A Wilfred anavula chipewa. "Alamu, ine ndimati..."

"Sipanala. Gwirani apa."

Anagwira. Ndinapaka utoto wakuda pobenthukapo, n'kumasula timbedza mpaka galasi linamveka khotcho. Dzuwa lisanalowe, mwezi unali utatuluka kale. Ndinabwezera thabwa mu paipi n'kuilozetsa kumwezi. Maenje a pamwezi anaoneka bwinobwino, monga ankawaonera Lufina.

"Onani."

Anasuzumira nthawi yaitali atatsinzina diso limodzi.

"Ndiye ngolo yanganso ndiimasule pobwerera?"

Ndinaphimba paipi ndi thumba, n'kukawatungira madzi ng'ombe zawo.