Kuperekeza Mlatho wa ku Kanjiwa

Ndinalota malo akale a kwathu ku Kanjiwa atabwera kudzandiona ku Limbe, poti mwiniwakene ndinali nditatha zaka zisanu ndi zinayi osapondako. Ndinaleka kupita nditalephera kukakhala nawo pa maliro a mayi, ndipo manyazi okumana ndi achimwene anga a Yotamu ankangokula chaka ndi chaka.

Anafika atatu, masana. Balani ya fodya ya pa esiteti yakale inakhala pampando n'kumatsokomola. Dibi la ng'ombe linakhala pansi, madzi ake osatayika. Mlatho wachitsulo unaima panja chifukwa khomo linachepa. Tinalonjerana, anafunsa za ana, posakhalitsa anatsazika. Paja mlendo ndi mame. Ndinamanga chitenje kuti ndiwaperekeze, popeza sindinaleredwe kutchire.

Ndinati ndikabwerera pa depoti. Koma titafika pamenepo dibi linayamba kusimba za tsiku limene ng'ombe ya abambo inakana kulowa m'madzi, ndipo wamkulu sumudula pakamwa. Nkhani itatha, tala anali atasanduka fumbi, uku ndi uku mizere yodikira mbewu. Balani inapatuka n'kukakhala pamalo pake m'mabulugamu. Dibi linalowa m'dzenje lake. Tinatsala awiri.

Pamtsinje wa kwathu tinapeza anthu ndi njinga zawo akudikira mlatho mosadandaula. Unagona pamalo pake, onse anawoloka. Ine ndinatsalira, chifukwa tsidya linalo panaima achimwene.

"Ndibwerere pano," ndinauza mlatho.

"Ndasenza mathirakitala, ndasenza maliro," unatero. "Manyazi anuwo sangandithyole. Pondani, mayi."

Ndinaponda. Achimwene anali atamera imvi. Ndinayamba kupepesa ndi mawu amene ndakhala ndikuwakonza zaka zonsezi, koma iwo maso anali kumitambo.

"Zimenezo tikamba tikuyenda, achemwali. M'munda wa mayi, mbali yanu sitinadzale. Landirani."

Anandithira mtedza wa mbewu m'manja, ndipo ndinalira ngati mwana, mtima utapepuka.

Nditadzuka ndinawaimbira foni ndisanasukusule n'komwe, kuopa kuti mantha angandipeze. Inaitana kanayi.

"Ndani?" anafunsa achimwene.

"Ndine Edinala."

Pa foniyo ndinkamva nkhuku ndi mwana akulira chapatali.

"Kuno mvula yagwa dzulo," anatero. "Mukwera basi ya m'mawa kapena ya masana?"