Komwe a Gladson Ankapita Masana

Evelesi anayamba kukayika pamene amuna ake, a Gladson, anasiya kubwera kudzadya masana. Banjali linkakhala m'nyumba yosanja ku Old Town, pamwamba pa sitolo ya nsalu, ndipo bambowo ankakonza mawotchi pakhonde pa sitolo yomweyo. Munthu angalephere bwanji kufika kwawo, chakudya chikumudikira pamwamba pomwepo?

"Makasitomala achuluka," ankatero.

Koma mwini sitolo anamutsina khutu Evelesi kuti dzuwa likangofika paliwombo, bambowo amakhoma kabokosi kawo n'kukwera minibasi. Madzulo ankabwera akununkhira mafuta opaka amene iye sanagulepo. Nyamakazi ya m'chiuno inali itawazunza zaka zisanu, ndipo wowathowa anali iye yekha. Nanga manja enawa anali a yani?

Lachinayi anawatsatira pa kabaza mpaka ku Area 11. Anawaona akutsimphina kulowa pageti la nyumba ina yampanda, atatseguliridwa ndi mayi wovala epuloni. Evelesi anapuma kaye, kenako anagogoda.

"Ndabwerera amuna anga."

Mayiyo sanadzidzimuke. "Ndinu mayi a kunyumba? Ine ndine Efelo, ndimaphika muno. Bambowa timaimba nawo kwaya. Lowani."

M'kanyumba ka antchito kuseri, a Gladson anali chigonere chagada pamphasa, nsapato zili kuphazi, miyendo atasanjika pampando.

"Ndi masitepe aja, mayi," anatero osamuyang'ana. "Ndikatsika m'mawa, mphamvu zimatsala zokwera kamodzi basi. Pakhonde paja sindingagone, anthu angandiseke. Chimbudzi chathu chonjuta chija ndiye musanene."

"Osandiuza bwanji?"

"Nyumba ija munaisakasaka chaka chathunthu. Ndikanayambira pati?"

Evelesi anaunguza m'chipindamo. Pawindo panali kabotolo ka mafuta aja, katatsala pang'ono kutha.

"Amakupakani ndani?"

"Amuna anga, amalima maluwa muno," anayankha Efelo ali pakhomo, mofulumirirapo.

Evelesi anaponya kabotoloko m'chikwama, n'kuwadzutsa amuna ake. Sanamuthokoze Efelo, komanso sanamutukwane.

Loweruka anayamba kusaka nyumba yapansi. Munthu wina wopezera anthu nyumba analumbira pafoni kuti ali nayo ku Kawale, yopanda sitepe ngakhale imodzi, chimbudzi chokhalira chili m'kati.

"Ndikutumizirani zithunzi, amayi."

"Zithunzi sungani," anatero Evelesi akumanga chitenje. "Ndikubwera ndidzaione ndekha."