Minibasi Itaima pa Chichiri

Nizam anali atayendetsa minibasi pakati pa Limbe ndi Blantyre zaka zisanu ndi zinayi pamene anayamba kumva mawuwo. Poyamba ankayesa kuti wina kumbuyo akumuitana. Akacheuka ankapeza aliyense ali pa foni yake. Kenako mawuwo anayamba kumunena, ati ndi munthu wachabe, ati onse m'galimotomo akumuseka.

Dalaivala mnzake, Morris, anamupatsa ndudu ya chamba, ati imatsitsa mtima. Inatsitsadi. Kwa ola limodzi kapena awiri m'mutu munkangoti zii. Ndiye Nizam, munthu woti chibadwire sanalawepo mowa, anayamba kusuta kuseri kwa msika wa Limbe asananyamuke, n'kumatafuna chingamu pobwerera. Kumzikiti anasiya kupita, kuopa kuti anthu amva fungo. Koma chambacho chikatha mphamvu, mawu aja ankabwera ochuluka ndiponso aukali.

Mkazi wake Aminatu anaona kuti bambowa sakukhazikikanso. Ankadya chiimirire, kutuluka panja, kulowanso, kukazimitsa wailesi yozimitsa kale. Akamufunsa ankangoti ndi kutopa.

Lachiwiri lina masana, minibasi itadzaza, afika pa Chichiri mawuwo anamuuza kuti aponde moto akalowe kunsi kwa lole imene inali kutsogolo. Anamva phazi lake likuyamba kumvera. Anaponda mabuleki mwamphamvu moti mayi wina anagunda chipumi pampando. Anaimika galimoto pambali, kusiya makiyi momwemo, n'kutsika. Anthu ankatukwana, kondakitala ankamukuwira, iye osacheuka. Anayenda wapansi dzuwa lili paliwombo mpaka ku Naperi, kumene Aminatu ankasoka zovala pakhonde la golosale.

"Amake Shukri," anatero, "ndikanapha anthu lero. Muli anthu m'mutu mwangamu, ndipo chamba sichikuwatontholetsanso."

Aminatu sanafunse za chambacho. Anali atachimva kale pa malaya pochapa, koma za mawuwo sankadziwa. Anapinda nsalu imene ankasoka, kusungitsa makina kwa mwini golosale, n'kuuza mwamuna wakeyo kuti apitire limodzi kuchipatala nthawi yomweyo.

Dokotala anamumvetsera nthawi yaitali. Anati matendawa ndi odziwika ndipo mankhwala ake alipo, koma chamba chimangowakolezera. Anamuletsa kaye kuyendetsa galimoto.

Masabata oyamba anali owawa. Mankhwala ankamuumitsa kukamwa ndi kumufooketsa, ndipo kawiri konse anazemba kukasaka Morris. Ulendo wachiwiriwo anaulula yekha kwa Aminatu asanafunsidwe.

Pano amathandiza mlamu wake kugulitsa zitsulo za galimoto ku Limbe. Mawu aja sanathe, koma masiku ambiri amamvekera patali, ndipo akayandikira amaimbira Aminatu foni. Mwezi uliwonse amafunsa dokotala kuti adzagwiranso liti chiwongolero. Dokotala amangoti tiyembekeze kaye, ndipo Nizam amatuluka atakwiya, mankhwala ali m'thumba.