Chaka Chosaphika Mkate wa Pesaha

Kwathu kuno, nyumba imene mwatuluka maliro siphika mkate wa Pesaha chaka chimenecho. Pesaha ndi chikumbutso cha mgonero womaliza wa Ambuye, ndipo mkate wake ndi wa mpunga, wopanda chotupitsa. Lachinayi Loyera likafika, nyumba zina zonse zili piringupiringu kusinja mpunga ndi kufinya mkaka wa kokonati, ofedwa amangokhala manja ali lende. Achibale kapena anansi ndiwo amawabweretsera mkatewo madzulo, ukadali wofunda, kamtanda ka tsamba la kanjedza kali pamwamba. Ndipo sapempha ayi. Munthu amangodikira, n'kuona ngati alipo amene akumukumbukira.

Chaka chimenecho odikira anali a Uthup. Akazi awo, a Sosamma, anawaika m'manda mvula ikuyamba, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Leela, anali namwino kutali kutsidya la nyanja. Nyumba yaikulu ija, ya zipinda zosawerengeka pakati pa munda wa mitengo ya mphira, inatsala ndi nkhalamba imodzi yosadziwa n'komwe pamene pamakhala mchere.

A Uthup sanali munthu woipa, mukawafunsa eni ake. Misa sankajomba, ndipo dzina la banja lawo ndi lozokotedwa pamwala wa pakhomo la tchalitchi. Kungoti manja awo anali ouma gwa. Mango akagwa mumtengo mwawo, ankalolera kuti aolere pansi pomwepo kusiyana n'kuti wodutsa atole.

Kuseri kwa munda wawo kunali kanyumba ka Rahel, mayi wamasiye wa mawondo otupa. Makolo ake ankalima minda ya makolo a Uthup, ndipo mabanja akalefe timawatchabe akhristu atsopano, ngakhale agogo awo anabatizidwa ife tisanabadwe. Kanjira ka kwa Rahel kankadutsa pambali pa chitsime cha a Uthup n'kukatulukira kumsewu wa kutchalitchi. A Sosamma ali moyo, kanjirako sikankamera udzu. Rahel ankaima pakhomo la kukhitchini, awiriwo n'kumaseka zimene ankazidziwa okha, ndipo Pesaha aliyense iye ndiye ankawasinjira mpunga.

Kanjirako a Uthup kankawadya mumtima.

"Anthu akazolowera kudutsa, mawa adzati malo ndi awo," ankatero.

"Inu, nthaka yanu ikutha chifukwa cha mapazi a Rahel?" a Sosamma ankawayankha, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mapemphero a maliro atangotha, woyankha kulibenso, a Uthup anaitana amisiri. Mpanda wa njerwa wotseka kanjira kaja unakwera kupitirira mutu wa munthu, pamwamba n'kumatapo zidutswa za mabotolo. Kuyambira pamenepo, kuti Rahel afike kumsewu ankayenera kutsetserekera kumtsinje, kuoloka paulalo wa mitengo, n'kukwera chitunda cha tsidya linalo. Masiku oyambirira ankabwera kudzaitana kuseri kwa mpandawo, akuwatchula kuti Achaya, mawu aulemu oitanira bambo wamkulu.

"Achaya! Achaya, tangosiyani kampata, kongokwana munthu kudutsa cham'mbali. Mawondowa akundikana."

"Msewu wa boma ulipo, Rahel. Ine sindinautseke."

Anabweranso, n'kubweranso, mpaka a Uthup analeka kuyankha.

M'mawa wa Lachinayi Loyera lija a Uthup anawenga zikhadabo za kumapazi, pakuti anali mmodzi mwa amuna khumi ndi awiri oti wansembe awasambitse mapazi. Anakhala kutsogolo, nsalu yawo yoyera ya m'chiuno ili mbee. Wansembe anagwada, anathira madzi, anapukuta, n'kupsompsona phazi lawo. Polalika anati Mulungu anakonda dziko lonse lathunthu, sanayambe wafunsa munthu kuti ndiwe wa banja liti, ndipo Mwana wake anasambitsa mapazi ngakhale a munthu amene ankadziwa kuti amugulitsa. Anati ife tokha ndife amene timadula chikondi m'magawomagawo, n'kusunga gawo lalikulu m'nyumba mwathu. A Uthup anagwedeza mutu kwambiri, maso ali pa mng'ono wawo Korah, amene sankamwerana naye madzi chifukwa cha mtengo waukulu wa m'malire. Iwo ankaona kuti ulaliki wonsewo ukunena Korah.

Komabe Korah yemweyo ndiye anali m'bale wapafupi, woyenera kubweretsa mkate. Potuluka a Uthup anachita ngati akufunafuna nsapato zawo pamene iye anaima.

"Korah, kunyumba kwazizira chaka chino," anatero akuyang'ana kumbali.

"Kuzizira bwanji, achimwene, kutentha konseku? Kapena chimpanda chija chikutchinga dzuwa?" Korah anaseka yekha. "Musadandaule, mlamu wanu mwambo amaudziwa. Kungoti kwadza alendo a kutauni ya Kottayam, apongozi a mwana wathu ndi chikhamu chawo. Tiona mmene ziyendere."

"Ine sindikupempha."

"Ndani wati mukupempha? Inu munayamba mwapemphapo kanthu?"

A Uthup anamuonanso Rahel atakhala pansi kumbuyo kwa mbali ya amayi, miyendo atatambasula, akusisita mawondo asanayambe ulendo wobwerera. Maso awo anangomulambalala.

Masana onse a Uthup anakonza m'nyumba. Anasesa, anayala patebulo nsalu yopeta imene a Sosamma ankaisungira tsikuli, anaika mpeni ndi timbale tomwera mkaka wa kokonati. Anatulutsa timbale titatu, kenako anazindikira, n'kubweza ka Leela, n'kuima kwa kanthawi kambale ka a Sosamma kali m'manja. Zaka zonsezi iwo ndiwo ankadula mkate, kuuviika mumkaka, n'kupatsira a m'nyumba kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono. Sanaganizepo kuti mkatewo unkachokera m'manja mwa anthu. Unkangopezeka patebulo, monga mmene dzuwa limangotulukira.

Dzuwa litapendeka anakokera mpando pakhonde lakutsogolo, anatsegula geti lonse, n'kukhala maso ali kumsewu. Kunadutsa njinga yamoto, mayi wokwera kumbuyo atafungatira mbale yokutidwa ndi tsamba la nthochi. A Uthup anadzuka, anakonza nsalu m'chiuno. Njingayo inapitirira mpaka kumunsi, kumene kunalinso nyumba ina ya ofedwa. Anakhalanso pansi n'kutsokomola, ngati kuti anangodzuka kuti aongole msana.

Mphepo inkabweretsa fungo la shuga wofiira wowira mumkaka wa kokonati. Foni inalira. Anali Leela, amene amawatchula bambo akewo kuti Appacha.

"Appacha, abweretsa mkate?"

"Eee, abweretsa."

"Ndani? Bambo aang'ono a Korah?"

"Anthu ambiri, mwanawe. Patebulo palibe poika dzanja."

"Ndiye bwino. Ine ndikulowa ntchito tsopano, mudyeko ndi wanga womwe. Appacha, mawu anu akumveka ngati muli ndi chimfine."

"Ndi fumbi. Ndinasesa."

Foni itaduka, bata linabwerera lolemera kuposa poyamba. Kunayamba kuchita chisisira. M'nyumba za kutsidya anayamba kuimba nyimbo yaitali ija ya masautso a Ambuye, imene mabanja amaimba atazungulira tebulo, ndipo a Uthup anadziwa kuti kwa Korah mkate wadulidwa kale. Anasungulumwa monga sanasungulumwepo, ngakhale tsiku loika maliro, pakuti tsiku limene lija pabwalo panali anthu. Ankafuna munthu mmodzi yekha woti alowe pageti, ngakhale wobwera chimanjamanja.

Ndipamene mawu anamveka kuseri kwa nyumba.

"Achaya! Achaya!"

Anali Rahel, kumpanda. A Uthup magazi anawira. Lero lomwe? Madzulo oyera ngati ano, munthu n'kubwera kudzayambitsanso za kanjira? Anaganiza kuti mayiyo wamva ulaliki uja ndipo akufuna kuwakola nawo mtima ukadali wofewa.

"Achaya, tabwerani kuno kumpanda. Pang'ono pokha!"

A Uthup anakhalabe pampando. Rahel anaitanabe, mawu akusasa. Pamapeto pake a Uthup anadzuka, analowa m'khitchini, n'kutseka zenera loyang'ana kuchitsime mwamphamvu kuti amve. Kuitana kunaleka. Anabwerera pakhonde n'kudikirabe mpaka msewu unasiya kuoneka. Kenako anatseka geti, anamwa phala la mpunga lozizira lotsala m'mawa, ali chiimire, n'kukagona nsalu yopeta ija ikadali patebulo.

Anadzutsidwa ndi akhwangwala. Ankachita phokoso kuseri kwa nyumba ngati apeza chakufa. A Uthup anatenga ndodo, anatsegula chitseko cha kukhitchini, n'kutuluka akutukwana.

Pamwamba pa mpanda, pamene kale pankadutsa kanjira, panali mbale yachitsulo, itakhazikidwa mosamala pakati pa zidutswa za mabotolo. Tsamba la nthochi linali litang'ambidwang'ambidwa. Akhwangwala anauluka n'kukatera pamtengo wa mango, mmodzi chidutswa choyera chili kukamwa. Kachitini ka mkaka kanali katagubuduka, ndipo mkakawo unayenderera pakhoma mpaka pansi, nyerere zili waa. Kamtanda ka kanjedza kanagwera mbali ya a Uthup, pafupi ndi chitsime.

A Uthup anayeza khomalo ndi maso. Mpandawo anaumangitsa okha, kutalika kwake ankakudziwa. Mayi wamfupi ngati Rahel sakanafikira pamwamba popanda kukwera pachinthu, ndi mawondo ake amene aja, mbale ili m'manja.

Anakoka chidebe, anachitembenuza, n'kukwerapo. Mbali inayo, mtondo wosinjira mpunga unali utatsamira kukhoma. M'mbalemo munatsala kachidutswa kam'mphepete kokha, kojomphedwajomphedwa. Mkate wa Pesaha sutayidwa. Anakatola, anapukuta nyerere ndi chala, n'kukaika m'kamwa. Unali mkate wa a Sosamma weniweni, kafungo ka chitowe ndi adyo n'komweko, pakuti manja amene ankausinja zaka zonsezi anali omwewo. Misozi inawatsika, ndipo sanaipukute chifukwa manja onse anali ndi ntchito, lina kumbale, lina kukhoma.

"Rahel!" anaitana. "Rahel, ndabwera!"

Chitseko cha kanyumba kaja chinali chomanga ndi chingwe. Nkhuku zinkapalasa pabwalo. Linali Lachisanu Loyera, ndipo munthu woyenda njira yozungulira ndi mawondo otere ayenera kulawirira kuti akapeze mapemphero asanayambe. Atakweza maso a Uthup anamuona Rahel patali, tsidya la mtsinje, atavala zoyera, akukwera chitunda ndi ndodo. Ankaponda kangapo n'kuima, kuponda kangapo n'kuima.

"Rahel! Iwe Rahel!"

Anakuwa mpaka kukhosi kunawawa, koma mtsinje unkasokosa pakati pawo. Rahel sanacheuke.