Zitosi za M'chipinda cha Madesiki Othyoka

Ankawatcha a Kaya chifukwa choti chilichonse chimene ungawauze, yankho linali lomwelo: "Kaya." Anakalambira pantchito yosesa pasukulu, ndipo zaka zonsezo zinawaphunzitsa chinthu chimodzi: munthu wobwera ndi kope m'manja sabwerera zabwino.

Kuseri kwa makalasi kunali chipinda chosungiramo madesiki othyoka. M'ming'alu ya pakati pa khoma ndi malata munkakhala mileme. M'mawa uliwonse a Kaya ankasesa zitosi zake, n'kukamwaza kudimba kwawo. Kabichi wawo ankakula mpaka kuchititsa manyazi wa alamu awo, akalipentala, amene dimba lawo linali pafupi pomwepo.

"Mumathiramo chiyani, alamu?" ankafunsa akalipentala.

"Thukuta. Inu mulibe."

Lolemba lina ahedi anabwera ndi mayi wa kuyunivesite, kope lili m'manja. Mayiyo anati amafufuza mitundu ya mileme ndi kumene imapezeka.

"Ya muno ndi ing'onoing'ono, yodya tizilombo, ndipo sioneka msanga," anatero. "Ndiyala pulasitiki pansipa. Zitosi zikagwerapo ndikaziyeza, ndidziwe mtundu wake."

Munthu wophunzira chonchi n'kumatola zitosi? A Kaya anaona kuti pali chinyengo. Ameneyu wamva za kabichi. Lero atenga supuni, mawa abwera ndi lole.

M'mawa mwake analawira, anakutumulira zonse m'thumba, n'kupukuta pulasitiki mpaka mbee. Mayi uja atafika anagwada, anayang'anitsitsa, n'kulemba m'kope. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi anafika ndi ahedi, kumbuyo kwawo kukubwera akalipentala ndi makwerero.

"Masiku atatu opanda ngakhale kachitosi kamodzi," anatero mayiyo. "Zikuoneka kuti inasamuka."

"Zakhala bwino," anatero ahedi. "Fungo limeneli latikwana. Akalipentala, khomani matabwa m'ming'alu monsemo."

A Kaya anayang'ana m'ming'alu muja. Akakhala chete, mileme ikhomeredwa mkati, dimba n'kufa. Akalankhula, alamu awo ali pomwepo, makutu ali tcheru, misomali kukamwa.

"Musakhome," anatero a Kaya.

"Chifukwa?"

"Makwererowo ndi ofooka."

"Ndinapanga ndekha," anayankha akalipentala, phazi lili kale pamwamba.

A Kaya anatuluka. Anabwerako akukoka thumba, n'kuliponya pamapazi a mayiyo.

"Nazi zitosi zanu. Za masiku atatu, ndi zina za sabata yatha. Sinasamuke. Ikudya bwino kuposa ife."

Mayiyo anasuzumira m'thumbamo, nkhope n'kuwala ngati wapatsidwa mphatso ya ukwati.

"Ndiye munkapukuta ndinu, bambo? Ine ndimvekere sindidziwa ntchito."

"Ndinalembedwa yosesa. Tsono mutenga zingati?"

Mayiyo anatulutsa kabotolo kochepa ngati chala, anatapa pang'ono, n'kutseka.

"Basi?"

"Basi. Koma mundisiyire pulasitiki sabata imodzi, tsache lanulo lipumeko." Kenako anatembenukira kwa ahedi. "Musatseke, chonde. M'dera lino palibe amene analembapo za mileme imeneyi, ndipo nyengo ino imakhala ndi ana."

Ahedi anagwira mphuno, anaganiza, n'kuvomera monyinyirika.

Akalipentala anatsika pang'onopang'ono, analavulira misomali m'dzanja, n'kutapa m'thumba muja. Ananunkhiza.

"Ndiye thukuta lanu lija ndi limeneli, alamu? Zaka zonsezi mlongo wanga akundinena kuti ndine waulesi."

"Sananame."

"Pulasitiki akachotsa, ndibwera ndi tsache langa. Tizigawana, si ndife achibale?"

A Kaya anamanga thumba kukamwa, anatulutsa onse, anakhoma loko, kiyi n'kuponya m'thumba la malaya.

"Kaya," anatero.